Mmbulu ndi Chikande: China Chikutha Podedwa, China Pokondedwa

Pakati pa zamoyo zimene zikuchepa m'chigawo chapakati ndi chakummwera kwa Africa pali ziwiri zimene anthu sazitchulira pamodzi, chifukwa china ndi chilombo chodya nyama zinzake chimene chimayenda mitunda italiitali tsiku lililonse, pamene chinacho ndi chomera chachifupi chimene chimaphuka, kuchita maluwa ndi kufota pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka. Choyamba ndi mmbulu, umene ena amautcha galu wam'tchire, ndipo chachiwiri ndi chikande, chimene kumpoto kwa Malawi chimadziwika kuti chinaka ndipo ku Zambia amati chikanda. Kuziika pamodzi ziwirizi kumaonetsa kuti njira zimene maboma ndi mabungwe anazolowera poteteza zachilengedwe, monga mpanda wamagetsi, alonda a mfuti ndi kusamutsa nyama pa ndege, zinakonzedwa poganizira zilombo zikuluzikulu, ndipo zikafika pa chomera chimene anthu amachifunira zapansi pa nthaka, zambiri mwa njirazo zimaperewera.

Mmbulu, umene dzina lake la sayansi ndi Lycaon pictus, si galu woweta amene analowerera kuthengo, komanso si fisi, ngakhale kuti katswiri wa ku Netherlands, Coenraad Jacob Temminck, amene anaufotokoza koyamba m'mabuku a sayansi mu 1820 atapima nyama yochokera m'mphepete mwa nyanja ku Mozambique, anauika m'gulu la afisi. Umalemera makilogalamu apakati pa 18 ndi 36, uli ndi miyendo yaitali yowonda, makutu aakulu obulungira ndi mchira wa nsonga yoyera, ndipo phazi lililonse lili ndi zala zinayi zokha, pamene galu wapamudzi amakhala ndi chachisanu ku miyendo yakutsogolo. Ubweya wake ndi wamawangamawanga, akuda, achikasu ndi oyera, ndipo palibe mimbulu iwiri yofanana mawanga, moti ofufuza amatha kuzindikira nyama iliyonse payokha pongoyang'ana zithunzi ndi kuilondola kuyambira ubwana mpaka imfa yake.

Moyo wonse wa mmbulu wagona pa gulu, limene limayamba pamene zazikazi za bere limodzi zachoka kwawo n'kukumana ndi zamphongo zapachibale zochokera ku gulu lina. Gululi limasaka m'mamawa ndi madzulo dzuwa likapepa, ndipo silibisalira nyama monga achitira kambuku, koma limaithamangitsa poyera pa liwiro lofika makilomita 60 pa ola mpaka nswala, mbawala kapena mwana wa ngoma atalefuka. Ikagwira nyama mimbulu imadya mofulumira kwambiri, popeza afisi amalanda ndipo mikango imapha mimbulu ikaipezerera. Pagulu lonse imene imabereka nthawi zambiri ndi iwiri yokha, waukazi ndi wamphongo wotsogolera, ndipo waukaziwo umakhala ndi bere masiku pafupifupi 70 n'kuswa ana okwana 10, nthawi zina kuposerapo, m'dzenje limene linakumbidwa kale ndi nyama zina. Kwa miyezi itatu imene anawo amakhala kudzenjeko, mimbulu ina yonse, imene ndi amayi aang'ono, abambo aang'ono ndi akulu awo a anawo, imapita kosaka n'kubwera ndi nyama m'mimba, imene imabzikula kuti ana ndi mayi wawo adye, pamene umodzi kapena iwiri imatsalira kulondera. Kumvana kwa gululi n'kozama kuposa mmene anthu ankaganizira kale: mu 2017 ofufuza a ku Botswana analengeza kuti isananyamuke kupita kosaka mimbulu imasonkhana n'kumayetsemula, ndipo kuyetsemulako kukachuluka ulendo umayambika, koma akayambitsa ndi mtsogoleri kuyetsemula kochepa chabe kumakwanira.

Vuto la dongosolo lotere limaoneka gulu likachepa. Mimbulu itatu kapena inayi singathe kusiya wolondera ana kudzenje kwinaku ikugwira nyama yokwanira ndi kuitchinjiriza kwa afisi, choncho ana amafa, gulu limacheperachepera, ndipo mapeto ake limatheratu ngakhale nswala zitadzaza tchire lonse. Akatswiri ena anapeza kuti gulu la akuluakulu osakwana asanu limavutika kulera ana, ndipo khalidwe limeneli, lakuti chamoyo chikachepa kupyola malire ena chimalephera kuchulukanso pachokha, limadziwika ndi dzina la katswiri wa ku America, Warder Clyde Allee. N'chifukwa chake khwekhwe wa waya amene munthu watchera nswala akakola mimbulu iwiri yokha, chimene chawonongeka si nyama ziwiri ayi, koma mwina ana onse a chaka chimenecho.

Gulu limodzi limafuna dera la masikweya kilomita mazanamazana, ndipo sizachilendo kuti lipyole 1,000, kotero ngakhale mimbulu ya m'nkhalango zotetezedwa imatulukira m'minda ndi m'misewu, kumene imagundidwa ndi magalimoto, kuphedwa ndi alimi a mbuzi kapena kutenga chiwewe ndi matenda ena kwa agalu apamudzi. Ku Serengeti ku Tanzania mimbulu inazimiririka m'nkhalango yotchukayo mu 1991, ndipo matenda ndiwo amatchulidwa kwambiri pakati pa zifukwa zake. Koma chimene chinaichepetsa koyamba ndi chidani. M'nthawi ya atsamunda, ndiponso kwa zaka zingapo pambuyo pake, maboma ankaona mmbulu ngati chilombo choononga chofunika kuchitheratu, ndipo alonda a nyama eniakewo anaombera zikwizikwi m'maiko amene lero ndi Zambia ndi Zimbabwe, ponena kuti kaphedwe kake n'kankhanza komanso kuti ikumaliza nyama zina. Bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yakutha, linaika mmbulu m'gulu la zokhala pachiopsezo chachikulu mu 1990, ndipo pambuyo pake linawerengera kuti mu Africa yense munali mutatsala akuluakulu pafupifupi 6,600 m'madera 39, mwa imene yobereka inali 1,400 yokha.

Ku Malawi mimbulu inali itasowa kwa zaka zambiri, kupatula imene inkangodutsa kuchokera ku Zambia, kufikira mu Julaye 2021 pamene mabungwe a African Parks ndi Endangered Wildlife Trust, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, anabweretsa mimbulu 14 pa ndege kuchokera ku Mozambique ndi South Africa, 8 n'kuiika ku Liwonde ndipo 6 ku Majete. Ina inavekedwa malamba a m'khosi okhala ndi makina osonyeza kumene nyama ili. Popeza Liwonde ndi wa masikweya kilomita pafupifupi 550 ndipo Majete pafupifupi 700, nkhalango iliyonse ingasunge magulu ochepa chabe, choncho oyang'anira amayenera kumasinthanitsa nyamazi ndi nkhalango zina kuti zisamakwerane pachibale. Gulu la ku Liwonde linaswana bwino, koma chakumapeto kwa 2022 mimbulu 18 ya kumeneko inafa ndi poizoni. Nkhaniyi inalengezedwa ndipo inamveka kutali, chifukwa nyama iliyonse imene inafayo inali yodziwika ndi yowerengedwa.

Chikande sichinapatsidwepo ulemu wotere, ngakhale kuti ndi cha m'banja la zomera lotchedwa orchid, limene lili ndi mitundu pafupifupi 28,000 padziko lonse ndipo maluwa ake amagulidwa pa mtengo wokwera m'maiko olemera. Dzina lakuti chikande silitchula chomera chimodzi, koma mitundu yambiri ya m'magulu anayi amene akatswiri amawatcha Disa, Satyrium, Habenaria ndi Brachycorythis, yonse yomera panthaka osati pamitengo. Zomerazi zimakonda madambo a chinyezi ndi udzu waufupi wa m'mapiri ozizira, monga ku Nyika, ku Viphya, ku Dedza, kumpoto chakummawa kwa Zambia ndi m'mapiri a kummwera kwa Tanzania. Ku Nyika kokha, kumene kunakhazikitsidwa kukhala malo otetezedwa mu 1965 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita oposa 3,000, kwapezeka mitundu ya orchid yoposa 200, ndipo miyezi ya Januwale ndi Febuluwale zitunda za kumeneko zimachita maluwa ofiira, apinki, achikasu ndi oyera pakati pa udzu.

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene kukumba chikande kumaonongera kwambiri, ayenera kudziwa kaye mmene chomerachi chimakhalira. M'chilimwe masamba ndi phesi zimauma n'kuzimiririka, ndipo chomera chonse chimatsala mu muzu wotupa, kambatata kakang'ono kobisika pansi, kamene ndi nkhokwe yake ya chakudya cha chaka chotsatira. Mvula ikagwa kambatatako kamatulutsa mphukira, n'kumafwifwa pamene chakudya chake chikupita ku masamba ndi maluwa, ndipo pambali pake pamakula kena katsopano kolowa m'malo. Wokumba amafuna katsopanoko, kolimba ndi kodzaza bwino, ndipo akakachotsa ndiye kuti chomeracho chafa, popeza chilibenso pophukira. Apa mpamene chikande chimasiyanirana ndi masuku kapena bowa, zimene munthu amatola n'kusiya mtengo kapena mizu yake ili moyo.

Njira yotsala yochulukira ndi njere, ndipo njere za orchid n'zachilendo pakati pa zomera zonse. Chibalobalo chimodzi chimakhala ndi njere zikwizikwi, zopepuka moti mphepo imaziulutsa pamodzi ndi fumbi, koma mosiyana ndi chimanga kapena nyemba, njerezi zilibe chakudya chilichonse mkati choti mphukira iyambire moyo. Kuti njere imere, iyenera kugwera panthaka pamene pali tamoyo tina ta mtundu wa bowa, timene akatswiri amatitcha fangayi, timene timalowetsa timaulusi take m'njeremo n'kumaidyetsa mpaka itatulutsa tsamba loyamba. Njere zambiri sizikumana ndi tamoyo toyenerato ndipo zimangotayika, pamene zamwayi zimatenga zaka zingapo kuti zifike pochita maluwa. Ngakhale maluwawo nthawi zambiri sangabale okha, chifukwa amadalira njuchi, agulugufe, ntchentche zamilomo yaitali kapena mbalame kuti zisamutse mungu, ndipo mitundu ina imadalira kachilombo ka mtundu umodzi basi. Dambo limene lakumbidwa mpaka kutsala maluwa apa ndi apo silikopanso tizilomboti mokwanira, ndipo limabala njere zochepa kuposa mmene chiwerengero cha zomera zotsalazo chikanalolera.

Chimene anthu amakumbira chikande ndi ndiwo yodziwika bwino. Timbatata timatsukidwa, kuyanikidwa ndi kusinjidwa mumtondo mpaka kukhala ufa wofiirira. Wophika amayamba ndi nsinjiro m'madzi ofunda, amathira mchere, kenaka ufa wa chikande pang'onopang'ono uku akutakasa ndi mthiko, ndipo akathira chidulo kapena soda phalalo limasintha mtundu, kulimba ndi kuyamba kumatuka m'mbali mwa mphika. Akasalaza pamwamba amavundikira, ena n'kuika makala amoto pa chivundikirocho kuti pamwambapo pakhwime, ndipo chikazizira chimadulidwa m'zidutswa zogwirana bwino, zimene zimadyedwa ndi nsima kapena kugulitsidwa pamsika ndi pamalo okwerera basi atawaza tsabola. Ku Zambia ambiri amachiyerekeza ndi nyama yogaya ya m'masitolo. Chimene chimagwirizanitsa ufawo ndi madzi ndi utomoni wa m'timbatatamo, ndipo ku Turkey ndi Iran mitundu ina ya orchid ikuthanso pa chifukwa chomwechi, popeza ufa wake, wotchedwa salep, amapangira chakumwa ndi ayisikilimu.

Kale chikanda chinali chakudya cha kumudzi pakati pa Abemba ndi mitundu yoyandikana nayo kumpoto chakummawa kwa Zambia, ndipo anthu ankakumba zongokwanira pakhomo. Zinthu zinasintha pamene chinalowa m'mizinda ya Lusaka ndi Copperbelt n'kukhala chakudya chonyaditsa cha pa ukwati, m'mahotela ndi m'masitolo aakulu. Madambo a ku Zambia atayamba kuperewera, amalonda anaoloka malire kukagula ku Tanzania, Malawi, Congo, Angola ndi Mozambique, ndipo msika wa Soweto ku Lusaka unasanduka pofikira matumba ochokera m'maiko onsewa. Mu 2003 akatswiri awiri, Tim Davenport ndi Henry Ndangalasi, anafalitsa kafukufuku m'magazini ya sayansi ya Oryx wosonyeza kuti timbatata tapakati pa 2.2 miliyoni ndi 4.1 miliyoni tinkachoka m'mapiri a kummwera kwa Tanzania kupita ku Zambia chaka chilichonse, tambiri kudzera pa chipata cha Tunduma, ndiponso kuti mitundu yofika 85 ikanatha kukhudzidwa. Kambatata kalikonse pa chiwerengerochi ndi chomera chathunthu chimene chinafa. Pangano la maiko la CITES la mu 1973, lokhudza malonda a zamoyo zimene zili pangozi, limafuna chilolezo pa orchid aliyense woolotsedwa malire, koma matumba a chikande amaoloka pa njinga, pa basi ndi pa lole ngati mbewu wamba.

Okumba ambiri ndi amayi ndi ana a m'mabanja osauka, ndipo kafukufuku wa ku Tanzania anapeza kuti ambiri mwa iwo anali amasiye ndi mabanja okhudzidwa ndi Edzi, amene chikande chinali njira yawo yopezera sopo, mchere ndi zofunika kusukulu. Amene amapeza phindu lenileni ndi ogula mopikula. Mfundo imeneyi imapangitsa kuti lamulo longoletsa likhale lovuta kuliikira kumbuyo, chifukwa amene limamugwira ndi mwana wa khasu m'manja, pamene mwini thumba amakhala kutauni.

Zikaikidwa pamodzi, zamoyo ziwirizi zimafanana pa chinthu chimodzi chachikulu, chimene ndi kusadziimira pazokha: mmbulu umodzi si kanthu popanda gulu, ndipo chikande sichimera popanda tamoyo ta m'nthaka ndi tizilombo tosamutsa mungu, choncho zonse ziwiri zili ndi malire amene zikawapyola zimagwa mofulumira kuposa mmene munthu angayembekezere. Kusiyana kwake ndiko kofunika kwambiri kwa oteteza. Mmbulu ulibe msika, ndipo umaphedwa chifukwa chodedwa kapena mwangozi, kotero katemera wa chiwewe kwa agalu apamudzi, kutola makhwekhwe, makola olimba a mbuzi ndi kusintha maganizo a anthu zimathandiza ndithu, ndipo palibe amene amataya ndalama mmbulu ukakhala moyo kutali ndi ziweto zake. Chikande chikutha chifukwa chokondedwa, ndipo chikamasowa mtengo wake umakwera, zimene zimatumiza okumba kutali kwambiri, mpaka mkati mwa malo otetezedwa ngati Nyika. Mmbulu umaoneka, umajambulidwa ndi kuwerengedwa. Chikande chimaoneka miyezi yochepa pachaka, ndipo chikafika pamsika chilibe duwa kapena tsamba, moti ngakhale katswiri sangadziwe mtundu wake pongoyang'ana. Zinatengera ofufuza a ku yunivesite ya Uppsala ku Sweden, pamodzi ndi anzawo a m'chigawo chino, kupima DNA, ndiko kuti chizindikiro cha chibadwa chopezeka m'maselo a chamoyo chilichonse, kuti adziwe mitundu imene ili m'matumba a amalonda. Mitundu yosowa kwambiri imalowa m'thumba limodzi ndi yochuluka, ndipo ingathe kutheratu popanda chilengezo chilichonse.

Kusiyana kwina n'kwakuti mmbulu umasamutsika. Nkhalango ikataya gulu lake, monga zinachitikira ku Liwonde, n'zotheka kubweretsa lina malinga ndalama zilipo ndipo chimene chinapha loyambalo chathetsedwa. Dambo la chikande silingakwezedwe ndege, chifukwa chofunika kusamutsa si chomera chokha, koma nthaka, tamoyo take, chinyezi, kuzizira kwa phiri ndi tizilombo ta pamalopo. N'chifukwa chake dziko la Tanzania linachita chinthu chosazolowereka pamene linalengeza mu 2002, n'kukhazikitsa mu 2005, malo otetezedwa a Kitulo, a masikweya kilomita pafupifupi 413, oyamba m'chigawo chotentha cha Africa kutetezedwa makamaka chifukwa cha maluwa, kumene kuli mitundu ya zomera pafupifupi 350 kuphatikizapo 45 ya orchid yomera panthaka. Ngakhale zili choncho, malire a pa mapu satchinga khasu, ndipo kunja kwa malirewo udzu wa m'mapiri ukusanduka minda ya mbatata ya kachewere ndi nkhalango za paini, zimene zimachotsa chikande kotheratu kuposa mmene wokumba angachitire. Pali chizolowezi choona phiri lopanda mitengo ngati malo ogonera ofunika kubzalapo mitengo, chikhalirecho udzu wa ku Nyika ndi Kitulo ndi wachilengedwe ndipo uli ndi zomera zosapezeka kwina kulikonse.

Chiyembekezo chimene akatswiri ambiri amatchula ndi kulima chikande. Kuyambira mu 2016 a Royal Botanic Gardens a ku Kew ku Britain anagwira ntchito ndi Copperbelt University ku Zambia yofufuza malondawa ndi kuyesa kumeretsa njere m'mabotolo a m'labotale, mmene chakudya chokonzedwa mwapadera chimalowa m'malo mwa tamoyo ta m'nthaka. Njirayi imatheka, koma njochedwa ndiponso njodula poyerekeza ndi kukumba kuthengo kwaulere, choncho kwa zaka zikubwerazi zambiri zidalira kakololedwe. Malangizo ake sovuta kuwatchula: kudikira mpaka chibalobalo chitauma ndi kumwaza njere, kusiya zomera zina pa dambo lililonse, kukwirira dzenje ndi kupumitsa dambo kwa zaka zingapo. Chovuta n'chakuti phesi la duwa ndilo chizindikiro chokhacho chosonyeza pamene pali kambatata, ndipo amene wadikira kuti njere zikhwime amapeza mnzake atakumba kale. Lamulo la nyengo yokumbira lingagwire ntchito pokhapokha likamanga onse a m'deralo nthawi imodzi, ndipo pa madambo a kunja kwa malo otetezedwa amene ali ndi mphamvu yotsekera ndi kutsegulira dambo ndi mafumu ndi makomiti a m'midzi oona zachilengedwe, amenenso angathe kudziwa wopikula aliyense wofika m'mudzi ndi matumba.